Mpango wonyika pamanja: maluwa ake amachokera kuti, nanga umaduliranji?

June akangolowa kuno ku Lilongwe, mipango ya pakhosi imayenda malonda. M'mawa kumazizira zedi, ndipo amene amakwera kabaza popita kuntchito amadziwa ubwino wa kansalu kokulunga pakhosi. Ambiri amathamangira kumsika wa Tsoka kukasankha pa kaunjika, ndipo sindiwanena, mtengo wake ndi wozizira. Koma akafika kwa ife onyika nsalu pamanja n'kumva mtengo, amagwira pakamwa. "Asisi, kansalu komweka?" Kenako akautambasula amafunsanso kuti, "Koma maluwawa mumawatenga kuti?" Mafunso awiriwa amayendera limodzi, chifukwa chimene munthu wachiona n'kuchikonda chimayenera kudutsa m'beseni, m'phula ndi pa singano chisanakhale mpango.

Ntchito imayamba ndi nsalu yoyera, ndipo iyenera kukhala ya thonje. Dziko lathu ndi la thonje kuyambira kale. Pamene David Livingstone ankadutsa m'chigwa cha Shire mu 1859, anapeza Amang'anja akulima thonje, kupota ulusi ndi kuomba nsalu zawo. Mpaka lero mbewuyi imalimidwa ku Chikwawa, Nsanje, Balaka, Salima ndi Karonga, ndipo fakitale ya nsalu ya David Whitehead ku Blantyre, imene kampani ya Mapeto inaigula mu 2003, inaveka mibadwo ya Amalawi. Komabe nsalu zambiri zimene zili m'mashopu lero ndi zosakaniza ndi poliyesita, amene samwa utoto wa thonje. Mukainyika nsalu yotere imatuluka yotuwa, ndipo ikachapidwa kangapo utoto umatsalira m'madzi. Poyesa timasolola kaulusi m'mphepete n'kukayatsa ndi machesi. Thonje limayaka n'kusiya phulusa lofewa lotuwa. Poliyesita amakwinyika, amasungunuka n'kusiya kampira kakuda kolimba.

Nsalu yatsopano imabweranso ndi sitalichi wa kufakitale, choncho timayamba taiphika m'madzi a sopo. Pamenepa imafupika pang'ono, n'chifukwa chake sitidula muyeso weniweni isanachapidwe.

Tsono pa nkhani ya maluwa pali chinthu chimene ongoyamba kumene amachedwa kuchizindikira: mpango suvalidwa wotambasula. Chitenje chimaoneka chonse munthu akamanga m'chiuno, ndiye wochijambula akhoza kuika duwa lalikulu pakati. Mpango wa pakhosi, umene nthawi zambiri umatalika pafupifupi masentimita 180, umapindidwa, umapotedwa, pakati pake pamabisala kumbuyo kwa khosi. Zimene anthu amaona ndi nsonga ziwiri zolendewera pachifuwa ndi kamzere ka m'mphepete kamene kayandikira nkhope. Mukajambula nsomba yokongola pakatikati, wovala adzangoonetsa mchira. Duku nalonso lili ndi lamulo lake: limapindidwa pakati, ndipo pooneka ndi pamphumi ndi pamfundo. Choncho ine ndisanajambule kanthu ndimayamba ndadzifunsa kuti nsaluyi ikagwera pati pathupi. Kunsonga ndimaika zolemera, pakati ndimasiya mtundu umodzi wodekha.

Nzeru za maluwa sizibwera kutulo ayi. Zimabwera poyang'anitsitsa zinthu zimene enafe tinazizolowera. Tengani lichero. Mukalitembenuza n'kuona mmene nsungwi zalukidwira, mupeza kuti kansungwi kamodzi kamadumpha tinzake tingapo, kotsatira kamayambira patsogolo pang'ono, ndipo mapeto ake pamatuluka mizere yopendekera imene wolukayo sanaijambule n'komwe. Kayendedwe kameneko ndi kamene ndimatenga. Sindijambula lichero lenilenilo pansalu, zimenezo ndi za pa chithunzi chopachika pakhoma. Mitundu nayo ili ponseponse: masamba anthete a mitengo ya m'nkhalango ngati ya Dzalanyama amene amaphukira ofiira dzinja lisanayambe, maluwa a jakaranda amene amagwa m'misewu ya mumzinda muno cha mu October, dothi la katondo pambali pa udzu wouma.

Ku Dedza kuli zojambula za m'mapanga a Chongoni, malo okwana 127, amene bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006. Zofiira, zimene zambiri ndi mizere, madontho ndi timikombero, zimatchulidwa kuti ndi za Akafula. Zoyera zinajambulidwa ndi Achewa, ndipo zimakhudza chinamwali ndi Nyau. Madontho ndi mikombero ndimatengerako mosaopa. Koma za kudambwe sindiziika pa mpango woti munthu azipukutira thukuta mu minibasi, ngakhale ndikudziwa kuti alendo akunja angazigule msanga. Zinthu zina zili ndi eni ake.

Ganizo likapezeka, njira yonyikira ndiyo imalidula mapiko. Pomanga nsalu ndi ulusi musananyike, kumene ambiri amati tayi endi dayi, mumapeza mikombero ndi mizere yosalongosoka bwino m'mbali, chifukwa utoto umalowerera pansi pa mfundo. Mizere ya lichero ija singatuluke yakuthwa mwa njira imeneyi. Imafuna batiki, luso lotchuka kwambiri ku Java m'dziko la Indonesia, komwenso kunachokera nzeru ya zitenje za wakisi. Phula losungunula limapakidwa pamalo pamene simukufuna kuti utoto ufike. Phula la kandulo limauma gwa n'kusweka, ndipo utoto umalowa m'ming'alumo n'kusiya timitsempha tating'ono. La njuchi ndi lofewa, silisweka msanga. Timasakaniza awiriwa malinga ndi kuchuluka kwa ming'alu imene tikufuna. Timayamba ndi mtundu wowala n'kumapita ku woderapo, ndipo mtundu uliwonse umafuna kupaka phula, kunyika ndi kuyanika kwakekwake. Mitundu imakweranso pamwamba pa inzake: buluu akagwera pa chikasu mumapeza chobiriwira, mufune musafune. Pomaliza phula lonse limachotsedwa m'madzi owira. Mpango wa mitundu itatu sungathe tsiku limodzi, makamaka kukachita mitambo.

Utoto wa buluu wotchedwa indigo uli ndi zake zodabwitsa. Nsalu imatuluka m'ndowa yobiriwira mwachikasu, munthu n'kuganiza kuti zalakwika. Mukaitambasula pamphepo imayamba kuda mukuona, kuyambira m'makwinya, mpaka yonse isanduke buluu, chifukwa utotowu umagwira ukakumana ndi mpweya. Kuti buluuyo akhwime timanyika kambirimbiri, osati kuisiya nthawi yaitali m'ndowa. Mankhwala osungunulira utotowu, monga caustic soda, amawotcha khungu. Magolovesi ndi malo opita mphepo n'zofunika, ndipo beseni lonyikira lisabwererenso kukhitchini.

Ena amakonda utoto wa zomera. Makoko a anyezi amatulutsa chikasu chokhwima, nthangala za mapeyala zimapereka pinki wofatsa, masamba a bulugamu amapereka mitundu yofiirira. Koma thonje siligwira utoto woterewu palokha, limafuna kukonzedwa kaye ndi alamu, mankhwala othandiza utoto kugwira pansalu, apo ayi umasuluka msanga padzuwa. Madzi nawonso amalankhulapo. A m'mijigo ina amakhala ndi chitsulo, ndipo chikasu cha anyezi chija chimatha kutuluka choderako, chopita kobiriwira. Amene akukuuzani kuti utoto wa zomera susuluka mpang'ono pomwe akungofuna ndalama yanu.

Chotsiriza ndi mpendero. Wa makina umatha msanga koma umauma, sugwa bwino pakhosi. Wa pamanja timaupiringiza ndi chala n'kumasoka timfundo tobisika, ndipo kuzungulira mpango wonse ndi mtunda woposa mamita anayi. Pamenepo muwonjezere nsalu, utoto umene wambiri umachokera kunja, makala owiritsira madzi ndi mipango ina imene imawonongeka m'njira, mudzaona kumene mtengo uja wachokera.

Pogula, tembenuzani mpangowo. Wonyika pamanja umakhala ndi mtundu wofanana mbali zonse ziwiri, pamene nsalu zambiri zodinda zotsika mtengo zimakhala zotuwa kuseri. Yang'ananinso maluwa awiri oyandikana: akafanana ndendende, ndiye kuti adindidwa ndi makina kapena chidindo. Mukaugula, uchapeni pawokha m'madzi ozizira ndi sopo wofatsa, osaunyika usiku wonse, osathira jiki. Kuchucha pang'ono pochapa koyamba si vuto, koma madzi akamadabe ulendo wachitatu, bwererani kwa amene anakugulitsani. Muziuyanika pamthunzi, chifukwa dzuwa la October silisiya utoto uliwonse uli bwino.