Ndalama ikatsata mwana: mbiri ya mkangano wa sukulu za charter ku Massachusetts

Pa 8 Novembala 2016, pomwe maso a dziko lonse anali pa Donald Trump ndi Hillary Clinton, anthu a m'chigawo cha Massachusetts ku America anali ndi mlandu wawo wina pa pepala lovotera lomwelo. Anafunsidwa mafunso anayi, ndipo lachiwiri linali lakuti: kodi boma lizilola kutsegula kapena kukulitsa sukulu za charter zofika 12 chaka chilichonse, kupyola malire omwe lamulo linaika? Anthu 62 mwa 100 alionse anati ayi. Tsiku lomwelo anthu omwewo anavomereza zoti munthu wamkulu azisuta chamba osamangidwa, koma za sukuluzi anakanitsitsa kwamtuwagalu.

Sukulu ya charter si pulayiveti monga timazidziwira. Mwana salipira fizi, ndalama zoyendetsera sukulu ndi za misonkho. Chosiyana n'chakuti oyendetsa ake ndi gulu lapadera lomwe lasainirana pangano ndi boma la chigawo, ndipo pangano limenelo ndiye charter yo. Ku Massachusetts limakhala la zaka zisanu. Ana akapanda kukhoza, boma likhoza kulanda chilolezo. Sukuluyo imadzilembera yokha aphunzitsi, imadziikira maola ophunzira, ndipo zambiri mwa izo aphunzitsi ake sali m'bungwe la apantchito. Ofuna malo akachuluka, sachita mayeso olowera, amachita maere.

Chodabwitsa n'chakuti ganizoli linabadwira komweko. Ray Budde, yemwe ankaphunzitsa za kayendetsedwe ka sukulu pa University of Massachusetts ku Amherst, ndiye anayamba kulitchula m'zaka za m'ma 1970. Amene analifalitsa anali Albert Shanker, mkulu wa bungwe la aphunzitsi la American Federation of Teachers, polankhula ku Washington mu 1988. Iye ankafuna kuti kagulu ka aphunzitsi kapatsidwe mpata woyesa njira zatsopano pa ana omwe sukulu ikuwakanika, zikayenda anzawo atengereko. Maganizo oti sukuluzi zizilimbirana ana ndi sukulu za m'dera sanali ake. Chigawo cha Minnesota chitakhazikitsa lamulo loyamba mu 1991, n'kutsegula City Academy ku St. Paul mu 1992, zinthu zinatenga njira ina, ndipo Shanker asanamwalire mu 1997 anali atayamba kale kudzudzula momwe mwana wakeyo ankakulira m'manja mwa ena.

Kuti munthu amvetse chifukwa chomwe nkhaniyi inapwetekera kwambiri ku Massachusetts, ayenera kubwerera m'mbuyo ndithu. Sukulu ya Boston Latin, ya mumzinda wa Boston womwe ndi likulu la chigawochi, inatsegulidwa mu 1635 ndipo ilipo mpaka lero. Mu 1647 atsamunda a kumeneko analamula kuti mudzi uliwonse wa mabanja 50 ulembe mphunzitsi wophunzitsa ana kuwerenga ndi kulemba. Horace Mann, yemwe Amereka amamutcha tate wa sukulu za boma, anayamba ntchito yake yoyang'anira maphunziro komweko mu 1837. Kuyambira kalekale sukulu ndi ya tauni: anthu a m'tauni amasonkha, m'matauni ambiri amasankha okha komiti ya sukulu, ndipo amakangana za bajeti pamsonkhano wapoyera. Kholo lokwiya limadziwa khomo logogoda. Sukulu ya charter yofuna kutsegulidwa m'tauni yomweyo siipempha komitiyi chilolezo. Imavomerezedwa ndi bodi ya maphunziro ya chigawo, koma ndalama zake zimadulidwa pa thumba la tauni. Pamenepo ndiye panagona nkhani.

Sukuluzi zinalowa kudzera m'lamulo lokonzanso maphunziro la 1993, lomwe bwanamkubwa William Weld anasaina patangodutsa masiku ochepa khoti lalikulu la chigawocho litagamula kuti boma likulephera udindo wake pa ana a m'matauni osauka. Lamulolo linabweretsa ndalama zambiri ku sukulu za boma, ndipo charter zinali ngati ndiwo zapambali: zinaloledwa 25 zokha, zoyamba n'kutsegulidwa mu 1995. Kenaka panaikidwa malire akuti tauni isatumize ku charter ndalama zoposa 9 peresenti ya zomwe imagwiritsa ntchito pa sukulu. Mu 2010 malirewo anakwezedwa kufika 18 peresenti m'madera omwe ana sakhoza bwino, monga Boston.

Mawu omwe ochirikiza charter amakonda ndi akuti ndalama imatsata mwana. Akamveka koyamba ndi achilungamo: mwana wachoka, sukulu yakale siikumuphunzitsanso, ndiye ndalamayo isungirenji? Koma talowani m'sukulu ya pulayimale ya ana 400. Chaka chino achoka ana 20 kupita ku charter. Sanachoke m'kalasi imodzi kuti mphunzitsi mmodzi achotsedwe. Achoka awiri apa, atatu apo, mmodzi uko. Kalasi yomwe inali ndi ana 24 yatsala ndi 22, ndipo mphunzitsi wake malipiro ndi omwe aja. Basi yachikasu idutsabe misewu yomweyo m'mawa. Mu Januwale, chipale chitaunjikana pabwalo, makina otenthetsera nyumba atentha mafuta ofanana ndi a chaka chatha. Denga lodontha likudonthabe. Ndalama ya ana 20 yapita, koma zolipira zatsala pafupifupi zonse, ndiye ahedi amayamba kuyang'ana poti adule: woyang'anira laibulale, mphunzitsi wa nyimbo, namwino wa pasukulu.

Aphungu ankalidziwa vutoli, n'chifukwa chake anaika chipepeso. Lamulo la 2010 linati tauni ikawonjezera ndalama zopita ku charter, chigawo chiibwezere zonse chaka choyamba, kenaka gawo limodzi mwa magawo anayi kwa zaka zisanu zotsatira. Vuto linali lakuti nyumba ya malamulo inakhala zaka zingapo osapereka ndalamazo mokwanira. Matauni anaona kuti alonjezedwa mbuzi n'kupatsidwa chingwe. Mu Malichi 2016 ana zikwi zingapo a sukulu za boma ku Boston anatuluka m'makalasi n'kuguba kupita ku nyumba ya malamulo ya chigawo pokana kudulidwa kwa bajeti, ndipo voti ya Novembala inafika mitima ili kale m'mwamba.

Pano ndiyenera kunena chomwe otsutsa charter sakonda kumva. Charter za ku Boston zimaphunzitsa bwino. Akatswiri a ku mayunivesite a MIT ndi Harvard anapezerapo mwayi pa maere aja: anayerekeza ana omwe maere anawagwera ndi anzawo omwe anafunsira malo koma n'kuphonya, ndipo anapeza kuti olowa charter ankakhoza kwambiri, makamaka masamu. Ambiri mwa ana amenewa ndi akuda ndi ochokera m'mabanja a ku Latin America. Mayi wa ku Roxbury kapena Mattapan, madera a mumzinda wa Boston, amene wakhala akudikira dzina la mwana wake pamndandanda alibe nthawi yomvera masamu a bajeti ya mzinda. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Otsutsa ankayankha kuti charter zina zimaimitsa ana sukulu pa zifukwa zazing'ono, ndipo kwa nthawi yaitali zinkalandira ana ochepa omwe Chingerezi si chinenero chawo kapena olumala kwambiri, n'kusiyira sukulu za boma katundu wolemera. Mbali zonse ziwiri zinali ndi mfundo, n'chifukwa chake nkhaniyi inagawa ngakhale anthu akuda okhaokha. Mu Okutobala 2016 bungwe lakale lomenyera ufulu wawo, NAACP, linapempha kuti kutsegula charter zatsopano kuyambe kwaima m'dziko lonse, ndipo makolo ena akuda anakwiya nalo kwambiri.

Kampeni yake inadya ndalama zoposa madola 40 miliyoni, zomwe zinali zisanachitikepo pa funso lovotera m'chigawocho. Ofuna kuti malire achotsedwe anali ndi bwanamkubwa Charlie Baker komanso ndalama zochuluka, zina zochokera kwa ampondamatiki a kunja kwa chigawo monga Michael Bloomberg ndi a banja la Walton, eni masitolo a Walmart. Okana ndalama zawo zinali zochepa, zambiri zochokera ku mabungwe a aphunzitsi, makamaka Massachusetts Teachers Association yomwe nthawiyo inkatsogozedwa ndi Barbara Madeloni. Koma anali ndi miyendo. Aphunzitsi ndi makolo ankayenda khomo ndi khomo, ndipo makomiti a sukulu oposa 200 anavota poyera kuti sakugwirizana ndi funsolo. Seneta Elizabeth Warren anakana. Meya wa Boston, Marty Walsh, yemwe kale anakhalapo mu bodi ya sukulu ina ya charter m'dera la Dorchester mumzindawo, nayenso anakana, ponena kuti kukula kopanda malire kugwetsa chuma cha mzinda.

Mavoti atawerengedwa panatuluka chithunzi chomwe ochirikiza sanachiyembekeze. Uthenga wawo wa pa wailesi yakanema unkanena za ana osauka a m'mizinda, koma mizinda yomweyo, kuphatikizapo Boston, inakana. Mwa matauni ndi mizinda 351, ochepa okha ndiwo anavomera, ndipo ambiri mwa iwo anali a anthu olemera monga Weston ndi Dover, komwe charter sizikanawadulira kanthu pa bajeti. Ine ndimaona kuti anthu sanavote zoti charter ndi zoipa. Anavota zoti sakufuna kuti bodi yomwe sanaisankhe izitha kutsegula sukulu khumi ndi ziwiri chaka ndi chaka, kulikonse, bilu n'kumabwera kwa iwo.

Za ndalama za kampeni zinadzaululika pambuyo. Mu 2017 ofesi yoyang'anira ndalama za ndale m'chigawocho inalipiritsa bungwe la ku New York la Families for Excellent Schools-Advocacy chindapusa choposa madola 426,000 chifukwa chobisa maina a omwe anapereka ndalama zoposa madola 15 miliyoni ku mbali yofuna charter. Mndandanda utatuluka, munapezeka dzina la wapampando wa bodi ya maphunziro ya chigawo, bodi yomweyo yovomereza charter zatsopano. Bungwe la Families for Excellent Schools linatseka zitseko kumayambiriro kwa 2018. Chaka chomwecho khoti lalikulu la chigawocho linataya mlandu wa ana asanu a ku Boston omwe ankati malire a charter akuwaphwanyira ufulu wa maphunziro.

Mu Novembala 2019 Baker yemwe uja anasaina lamulo la Student Opportunity Act, lowonjezera madola 1.5 biliyoni ku sukulu za boma m'zaka zisanu ndi ziwiri. M'kati mwake munali lonjezo lakuti chipepeso cha matauni otaya ana ku charter chiziperekedwa chonse. Malire a 9 ndi 18 peresenti sanakhudzidwe, charter zomwe zinalipo zinapitiriza kuphunzitsa, ndipo makolo ofuna malo anapitiriza kudikira maere a mu Malichi.