Musanamuchotse ntchito mnyamata wa mushopu, kakhaleni kaye pabenchi

Mwezi wathawu mayi ena omwe ali ndi golosale cha ku Chikanda ku Zomba anandiimbira foni atalusa, akuti malonda atsika ndipo vuto ndi mnyamata wogulitsa, ndi waulesi, mwinanso akumasolola, ndiye ndiwathandize kupeza wina. Ine ntchito yanga ndi yolangiza a mabizinesi ang'onoang'ono, ndiye ndinati mayi, tisanathamangitse mwana wa eni ndiloleni ndikakhale pabenchi panja pa shopu yanuyo masiku awiri, ndizingoona basi.

Ndinakhaladi. Ana asukulu a ku Chanco akubwera foni ili m'manja, kufunsa ngati angalipire pa Airtel Money kapena Mpamba, mnyamata uja n'kuti abwana anakaniza, iwo osatsutsa, kungotembenuka ulendo kwa neba. Wina akufuna kashuga ka tiyi wa masiku awiri koma pashelefu pali mapaketi a 1kg okhaokha. Ndiye 6 koloko ikangokwana chitseko gwa, nthawi yomweyo imene anawo akubwerera kumene kuchokera ku makalasi njala itawapota. Mnyamatayo zonsezi amazidziwa bwinobwino kungoti palibe anamufunsapo, ndipo mukudziwa kwathu kuno, wantchito sangangodzuka n'kuwauza abwana kuti apa mukuphonya.

Zimene ndinachitazi anzathu akunja amati design thinking, dzina lalikulu koma nkhani yake njapafupi. Anazitchukitsa ndi a kampani ya IDEO ya ku California, imene David Kelley anayambitsa ndi anzake mu 1991, ndipo ku yunivesite ya Stanford kuli sukulu yakeyake yotchedwa d.school yophunzitsa zomwezi. Umayamba wamuonetsetsa munthu amene ukufuna kumutumikirayo, mmene amachitira osati mmene iwe ukuganizira kuti amachitira, kenako umatchula vuto lenileni, n'kusonkhanitsa maganizo ambirimbiri osathamangira kunyoza lililonse, n'kutengapo limodzi kuliyesa motchipa. Likakanika umabwerera m'mbuyo, palibe wamwalira.

Pamene ambiri timagwa ndi potchula vutopo. Mayi aja vuto lawo linali lakuti "mnyamata ndi waulesi", ndipo ukalitchula choncho mankhwala ake ndi amodzi okha, kumuchotsa. Koma ukati "mwana wasukulu ali ndi ndalama yochepa, ili mufoni, ndipo amafika mochedwa", apo njira zimangotseguka zokha. M-Pesa, njira yotumizira ndalama pafoni ya ku Kenya, inadutsa momwemu. Poyiyesa ku Thika mu 2005 cholinga chinali chakuti anthu azibwezera ngongole pafoni, koma eni ake ataona kuti anthuwo akumatumiziranso ndalama okhaokha anasintha maganizo, ndipo pamene kampani ya mafoni ya Safaricom imaikhazikitsa mu 2007 uthenga wake unali wotumiza ndalama kumudzi. Akanaumirira zangongole zija kaya bwenzi tikuitchula lero.

Kuofesi n'chimodzimodzi. Wantchito akuchedwa daily, bwana kalata ya chenjezo yatuluka kale. A Toyota ali ndi chizolowezi chofunsa kuti "chifukwa chiyani" kasanu asanagamule, ndipo mutayesa mupeza kuti munthuyo amachokera ku Thondwe kapena ku Songani, minibasi sinyamuka isanadzaze, ya kabaza tsiku lililonse malipiro ake sangaikwanitse. Mwina kungomusinthira kuti azilowa 8:30 n'kumaweruka mochedwerapo nkhani yatha. Sindikuti aulesi kulibe ayi, alipo ndithu, ena ndagwira nawo, koma muzafika pamenepo mutafunsa kaye.

Ku golosale kuja sitinagule chilichonse chatsopano. Tinang'amba katoni ya sopo, kulembapo ndi maka nambala yolipirira n'kupachika pawindo, shuga ndi mafuta ophikira tinamanga timapepala ting'onoting'ono, ndipo tinagwirizana kuti sabata imodzi yokha azitseka 8 koloko tione. Ganizo langa loti tiziikanso mandasi madzulo linagwa chagada, anawo amagula kwa mayi wina wapamsewu amene amawapatsa akadali otentha, tinasiya patangotha masiku atatu, ndalama yomwe inapita ndi ya ufa basi.

Chimene chinavuta kwenikweni si katoni kapena shuga, koma kuti mayi aja akhale pansi ndi mnyamata wawo n'kumufunsa kuti iwe ukuona bwanji. Tsiku loyamba anangoti zili bwino madam, maso ali pansi. Anayamba kumasuka tsiku lachitatu, ndipo ndi iyeyo amene ananena kuti mazira azigulitsidwanso owiritsa.