Bala la mfuti lichepe bwanji, thamangirani naye kuchipatala

Abale, mawu amene timamva kawirikawiri anthu akafika mochedwa ndi munthu woomberedwa ndi awa: "Kabowo kanali kakang'ono, magazinso anali atasiya." Chonde, maganizo amenewa ndi amene akutiphera anthu.

Zipolopolo zina zimapangidwa dala kuti zikalowa m'thupi zifutukuke kapena zisweke. Zofutukukazo maiko anagwirizana zoziletsa pankhondo mu 1899 mumzinda wa The Hague ku Netherlands. Chipolopolo wamba nacho chikagunda fupa chimatha kuphwanyika. Tizidutswato timamwazikana uku ndi uku, kung'amba mitsempha, matumbo, chiwindi kapena mapapo. Kunja mumangoona kabowo kongokwana nsonga ya chala, pamene mkati magazi akudzaza mimba.

Wovulalayo atha kumalankhula bwinobwino, ngakhale kuyenda yekha. Musanyengeke nazo. Mukaona thukuta lozizira, zikhatho zayera, akudandaula ludzu, mimba yatupa ndi kulimba, akupuma movutika, dziwani kuti akutaya magazi mkati. Munthu wamkulu ali ndi magazi pafupifupi malita 5 okha.

Pindani chitenje choyera, psinjani pabalapo ndi mphamvu zanu zonse, osatukula kuti muone. Chikanyowa sanjikizani china pamwamba. Ngati ndi mkono kapena mwendo ndipo magazi akuthovoka osaleka, mangani zolimba nsalu yotambalala kumtunda kwa bala, kusiya mpata wa masentimita 5 mpaka 7 kuchokera pabalapo, mulembe nthawi, ndipo musamasule. Mufunditseni. Madzi kapena phala ayi, ngakhale apemphe chotani, chifukwa mwina akupita ku opaleshoni.

Musatokose balalo ndi lezala kapena waya kuti muchotse chipolopolo. Tizidutswato ndi tambiri, tili patali, timaoneka pa X-ray. Ngakhale madokotala amasiya tina m'thupi mwadala poopa kuwononga zambiri. Zitsamba, phulusa ndi dothi zimangobweretsa mafinya ndi kafumbata.

Tikubwerezanso: musadikire kuti kuche, musadikire malume, musamubise poopa mafunso apolisi. Pali mankhwala ochepetsa kutaya magazi, tranexamic acid, amene amathandiza akaperekedwa maola 3 asanathe kuchokera pamene munthu wavulala. Pitani kuchipatala chimene chili pafupi. Achipatalawo ndi amene adzaone ngati n'kofunika kumutumiza ku Queens, Kamuzu Central, Zomba kapena Mzuzu. Mukafika nenani nthawi yeniyeni imene anaomberedwa.