Mendulo ya Kapolo Wogwada

Pa 22 May 1787, amuna 12 anakumana ku London n'kukhazikitsa bungwe lolimbana ndi malonda a akapolo. Mwa iwo, 9 anali a mpingo wa Quaker, ndipo pakati pa otsalawo panali Thomas Clarkson ndi Granville Sharp. Chidindo chimene bungweli linasankha chinkasonyeza munthu wakuda atagwada, manja ndi miyendo zili mu unyolo, ndipo mawu a Chingelezi olembedwapo ankafunsa kuti, "Kodi ine si munthu ndiponso m'bale?"

Amene anachititsa kuti chithunzichi chifike m'nyumba za anthu ndi Josiah Wedgwood, mwini fakitale youmba mbale ya Etruria ku Staffordshire. Iye anaumbitsa timendulo tadothi tambirimbiri, kapoloyo wakuda bii pamalo oyera, n'kumatigawa ulele, moti mu 1788 tina tinawoloka nyanja kupita kwa Benjamin Franklin, mmodzi wa atsogoleri a dziko la America, ku Philadelphia. Malinga ndi Clarkson, amuna ena ankatimata ndi golide pa zivundikiro za timabokosi ta fodya wamphuno, pomwe amayi ankatiika pa zibangili ndi pa mapini a tsitsi. Izi sizinali zachibwana, chifukwa amayi sankaponya voti kapena kulowa m'Nyumba ya Malamulo, kotero kuti chibangili chinkanena zimene mwini wake analibe bwalo lozinenera. Nkhondo yolimbana ndi ukapoloyi inafikanso pa tebulo la tiyi: mu 1791 mabanja ambiri ananyanyala shuga wa ku Caribbean, ndipo m'zaka za m'ma 1820 kunkagulitsidwa timbale ta shuga tolengeza kuti shugayo ngwa ku India, wosalimidwa ndi akapolo.

Komabe n'koyenera kufunsa chifukwa chake munthuyo anagwaditsidwa. Chithunzicho chinapangidwa ndi azungu kuti chikhudze mitima ya azungu anzawo, ndipo kapolo wopempha chifundo sankaopsa aliyense m'chipinda chochezera. Koma akapolo enieniwo sanali ogwada okhaokha. Mu 1791 anaukira ku Saint-Domingue, dera la ku Caribbean lomwe linkalamulidwa ndi France, mpaka kubala dziko la Haiti mu 1804, ndipo mu 1831 Samuel Sharpe anatsogolera zikwi za anzake ku Jamaica.

Britain inaletsa malonda a akapolo mu 1807 ndipo lamulo lothetsa ukapolo weniweniwo linadza mu 1833. Boma linapereka chipukutamisozi cha mapaundi 20 miliyoni kwa eni akapolo, pomwe omasulidwawo sanalandire kalikonse.