Likodzo ndi nkhono za m'madzi a m'chigwa cha Shire

Kwa makolo, aphunzitsi, asodzi ndi alimi a ku Chikwawa ndi ku Nsanje.

Mwana akamakodza n'kumatuluka timadontho ta magazi kumapeto kwa mkodzo, makolo ambiri sada nkhawa, ndipo ena amati n'chizindikiro chakuti mnyamata akukula. Maganizo amenewa ndi olakwika ndipo apweteketsa ana ambiri. Magaziwo amasonyeza likodzo, matenda amene amayamba ndi tinyongolotsi tokhala m'mitsempha ya magazi yozungulira chikhodzodzo. Dokotala wa ku Germany, Theodor Bilharz, ndiye anayamba kutiona mumzinda wa Cairo m'chaka cha 1851.

Chodabwitsa n'chakuti munthu sangapatsire mnzake matendawa mwachindunji, ngakhale atagona mphasa imodzi kapena kudyera mbale imodzi. Pakati pa anthu awiriwo pamayenera kukhala nkhono. Wodwala akakodzera mumtsinje, m'dambo kapena m'ngalande ya mthirira, mazira amene ali mumkodzo amaswa, ndipo tizilombo totulukamo timasambira kufunafuna nkhono yaing'ono ya m'madzi, ija imamatirira kunsi kwa masamba a nyika ndi pa bango. Tikalephera kuipeza tsiku lomwelo timafa. Tikaipeza timalowamo n'kuchulukana, moti pakatha mwezi umodzi kapena kuposerapo pang'ono, nkhono imodzi imayamba kutulutsa tizilombo tambirimbiri ta mchira wa mphanda, tosaoneka bwino ndi maso. Timatuluka kwambiri masana dzuwa likaswa mtengo, nthawi yomwe ana amathamangira kukadziziritsa m'madzi chifukwa cha kutentha kwa kuno kuchigwa.

Kachilomboka sikafuna bala kuti kalowe. Kamaboola khungu lalunga m'mphindi zochepa, n'kuyenda ndi magazi mpaka kukhwima. Nyongolotsi yaimuna imafungatira yaikazi m'kangalande ka pathupi pake, ndipo ziwirizi zimatha kukhala m'thupi la munthu zaka zitatu mpaka zisanu zikuikira mazira mazanamazana tsiku lililonse. Chimene chimawononga thupi kwenikweni ndi mazirawo. Ena amatuluka ndi mkodzo, koma ambiri amakanirira m'khoma la chikhodzodzo n'kuchititsa zilonda ndi zipsera, zomwe pakapita zaka zingatseke njira ya mkodzo, kuwononga impso, ngakhale kuyambitsa khansa ya chikhodzodzo. Mwana wodwala amachepa magazi, amatopa msanga, ndipo m'kalasi sagwira bwino maphunziro. Palinso likodzo la m'matumbo, limene mazira ake amatuluka ndi chimbudzi, ndipo limatupitsa chiwindi ndi kapamba.

Amayi ndi atsikana akuyenera kumvetsa mfundo iyi, chifukwa ndi imene siikambidwa kawirikawiri. Mazira a likodzo amathanso kukhazikika m'njira ya abambo ndi pakhomo la chiberekero, n'kubweretsa kuyabwa, ululu m'chinena, kutaya magazi pambuyo pokhala malo amodzi ndi mwamuna, komanso vuto losabereka. Zizindikirozi zimafanana ndi za matenda opatsirana pogonana, choncho mayi wosalakwa akhoza kunenezedwa m'banja pamene anangotengera matendawa pochapa kumtsinje. Zilondazo zimachititsanso kuti kachilombo ka HIV kalowe mosavuta. Mayi amene akumva zotere afotokozere achipatala kuti amagwiritsa ntchito madzi a mumtsinje kapena a m'dambo.

Kuuza anthu a kuno kuti asamakhudze madzi n'kosatheka. Msodzi wa ku Elephant Marsh, mlimi wa mpunga ndi mayi wofukula nyika m'dambo la Ndindi nthawi ya njala, onsewa moyo wawo uli m'madzi momwemo. Chotheka n'kudula ulendo wa kachilomboka. Aliyense, makamaka ana, asakodzere kapena kuchita chimbudzi m'madzi ndi m'mphepete mwake, ndipo zimbudzi zikagwa ndi madzi osefukira, monga zinachitikira ndi namondwe wa Freddy mu 2023, zikumbidwenso msanga. Pamene pali mjigo, ana asambitsidwe ndi madzi a pamjigo. Ngati madzi osamba atungidwa kumtsinje, aikidwe m'ndowa masiku awiri athunthu, mutaonetsetsa kuti mulibe nkhono, popeza tizilomboti sitikhala moyo kupitirira nthawi imeneyo tikapanda kupeza munthu. Kuwawiritsa kumatiphanso.

Mankhwala ake ndi praziquantel, amene alangizi a zaumoyo amagawa m'masukulu ndi m'midzi, ndipo kuchuluka kwa mapiritsi amakudziwa poyeza msinkhu kapena kulemera kwa munthu. Mwana ayambe wadya phala kapena nsima asanamwe, chifukwa kumwa ndi njala kumawonjezera chizungulire ndi kupotokola kwa m'mimba, zomwe zimatha pakapita maola ochepa. Mankhwalawa amapha nyongolotsi zimene zili m'thupi, koma sateteza munthu kuti asatengenso, n'chifukwa chake amagawidwa mobwerezabwereza.

Kwa zaka zambiri ana osakwana zaka zopitira kusukulu ankatsalira chifukwa piritsili ndi lalikulu komanso lowawa. Tsopano akatswiri apanga kapiritsi kakang'ono kotchedwa arpraziquantel, kosungunuka m'kamwa kapena m'madzi, kothandiza ana a miyezi itatu mpaka zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo mu 2024 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linakaika pa mndandanda wa mankhwala amene linawavomereza. Komabe musadikire kuti kafike kwanu: mwana wamng'ono akakodza magazi, pitani naye kuchipatala chapafupi kuti akamuyeze mkodzo ndi kumupatsa mlingo womuyenera.