Mayi Louise Day Hicks ndi mkangano wa komiti ya sukulu ku Boston

Mu Novembala 2021 anthu a mumzinda wa Boston ku America adafunsidwa ngati akufuna kuyambanso kudzisankhira okha mamembala a komiti yoyendetsa sukulu za boma. Pafupifupi anthu 8 mwa 10 alionse adavomera. Komabe mu Febuluwale 2023 meya wa mzindawo, Mayi Michelle Wu, adakana kusainira ganizo la khonsolo loti zitero. M'chigawo chonse cha Massachusetts, Boston yokha ndiyo ili ndi komiti ya sukulu yochita kuikidwa ndi meya, ndipo gwero la nkhaniyi silingafotokozeke popanda kutchula mayi mmodzi wa ku South Boston.

Mayi Louise Day Hicks adabadwa mu 1916 m'dera la Akatolika ochokera ku Ireland, ambiri a iwo anthu ogwira ntchito zamanja. Bambo awo, a William Day, adali loya komanso woweruza milandu, munthu wolemekezeka kwambiri m'deralo. Mayiwa adayamba ndi uphunzitsi, kenako adaphunzira zamalamulo pa Boston University ali kale pabanja ndi ana awiri, nkumaliza mu 1955. Mu 1961 adapikisana nawo pa mpando wa m'komiti ya sukulu, akudzitchula kuti ndiwo mayi yekha wa ana pa mndandanda wa opikisana. Ana awo enieniwo ankaphunzira sukulu za mpingo, koma zimenezi sizidawalepheretse kupambana. Pofika 1963 adali wapampando.

Komitiyo inali ya anthu 5, ndipo onse ankasankhidwa ndi mzinda wonse pamodzi, osati dera ndi dera. Apa ndiye padagona nkhani. Anthu akuda adali ochepa mumzindamo, ambiri okhala ku Roxbury ndi madera oyandikana nako, choncho ngakhale akadavota onse mogwirizana, mavoti awo ankamira m'mavoti a azungu. Mayi Ruth Batson, kholo lachikuda la ku Roxbury, adayesapo kupikisana mu 1951 koma adagonja. Wofuna mpando sankafunika kumva dandaulo la kholo la ku Roxbury kuti apambane, ndipo posakhalitsa ena adazindikira kuti kulikana dandaulolo poyera kumachulukitsa mavoti.

Mu Juni 1963 Mayi Batson omwewo, poimira bungwe la NAACP lomenyera ufulu wa anthu akuda, adakaonekera pamaso pa komiti. Adafotokoza za nyumba zakalekale, makalasi odzaza ndi ndalama zochepa zimene zinkapita ku sukulu za ana akuda, ndipo adapempha komiti kuti ivomereze kuti ana m'sukulu za Boston ndi olekanitsidwa potengera khungu, ngakhale kuti palibe lamulo lolembedwa lonena zimenezo. Mayi Hicks adakana kwamtuwagalu. Ankati ana amapita ku sukulu ya m'dera lawo basi, ndipo komiti siyisankhira munthu pokhala. Kumapeto kwa chaka chomwecho adapambananso ndi mavoti ochuluka kuposa wina aliyense.

Chimene chimandipweteka pa gawo ili la mbiri ndi chakuti pempho la makolo aja linali laling'ono. Pa nthawiyo nkhani yonyamula ana pa mabasi mokakamiza kunalibe. Komiti ikadavomera kukonza malire a sukulu ndi kumanga sukulu zatsopano pamalo oyenera, mwina zowawa za pambuyo pake zikadachepa. M'malo mwake idalimbana ndi lamulo limene chigawo cha Massachusetts chidakhazikitsa mu 1965, lonena kuti sukulu iliyonse imene ana osakhala azungu apitirira theka iyenera kukonzedwa. Makolo akuda adatopa nkuyamba kusonkha ndalama okha zonyamulira ana awo kupita ku sukulu zomwe zinali ndi malo.

Mpando wa m'komiti udakhala makwerero. Mu 1967 Mayi Hicks adapikisana pa umeya ndi mawu akuti "Mukudziwa pomwe ndaima", ndipo aliyense ankamva tanthauzo lake popanda kulitchula. Adagonja kwa a Kevin White ndi mavoti pafupifupi 12,000 okha. Mu 1969 adalowa m'khonsolo ya mzinda, mu 1970 adapita ku nyumba ya malamulo ku Washington, mu 1971 adagonjanso kwa a White, ndipo mu 1972 a Joe Moakley adawalanda mpando wa ku Washington uja.

Pa 21 Juni 1974 woweruza W. Arthur Garrity adagamula kuti komiti ya sukulu idalekanitsa ana mwadala, ndipo adalamula kuti ana azinyamulidwa pa mabasi kupita ku sukulu za madera ena. Sukulu zitatsegulidwa mu Seputembala, mabasi onyamula ana akuda adagendedwa ku South Boston. Mayi Hicks, amene adali atabwerera m'khonsolo, ankatsogolera gulu la ROAR lotsutsa chigamulocho. Owatsatira adali ndi dandaulo limodzi lomveka: katundu yense adasenzetsedwa ana a anthu osauka, akuda ndi azungu omwe, pamene mabanja olemera a kunja kwa mzinda sadakhudzidwe. Koma amene adachititsa kuti nkhaniyi ifike kubwalo la milandu ndi komiti imene idakana kumva kwa zaka zoposa 10.

Mu 1976 Mayi Hicks adakhala mayi woyamba kutsogolera khonsolo ya Boston. Chaka chotsatira adataya mpando wawo, pa chisankho chomwecho chimene a John D. O'Bryant adalowa m'komiti ya sukulu, munthu wakuda woyamba kutero m'zaka za m'ma 1900. Kuyambira 1984 komiti idakula kufika anthu 13, ndipo 9 mwa iwo ankasankhidwa ndi madera awo, zomwe zidapatsa Roxbury mawu. Dongosololi silidakhalitse. Meya Raymond Flynn adadandaula kuti komiti imangokangana ndi kuwononga ndalama, ndipo mu Januwale 1992 idalowedwa m'malo ndi ya anthu 7 oikidwa ndi meya. Atsogoleri ambiri achikuda adatsutsa, poti mphamvu ya voti idachotsedwa pamene iwo adali atangoyamba kuigwira. Mu 1996 ovota adavomereza kuti komiti yoikidwayo ipitirire.

Mayi Hicks adamwalira mu 2003. Amene amateteza komiti yoikidwa amakumbutsa za nthawi yawo, pamene mpando wa sukulu unali poyambira ndale. Amene akufuna chisankho amayankha kuti cholakwika chinali kuvota kwa mzinda wonse pamodzi, ndipo amaloza kuti lero ana ambiri m'sukulu za boma za Boston ndi akuda kapena a mabanja ochokera ku Latin America, pamene makolo awo alibe voti yosankhira oyendetsa sukuluzo. Ine ndili kumbali ya makolowa.