"Kompyuta siinama, adokotala"

Mawu amenewa anditopetsa m'chipinda choonera odwala. Inde, kompyuta siinama mwadala, koma imalakwitsa, ndipo ikalakwitsa amene amavutika ndi wodwala.

AI, kutanthauza mapulogalamu a kompyuta otsanzira nzeru za munthu, sindidana nayo. Mu 2021 bungwe la WHO linavomereza kuti mapulogalamu a kompyuta aziwerenga zithunzi za X-ray ya pachifuwa pofufuza TB mwa anthu a zaka 15 kupita m'tsogolo. Kwathu kuno, komwe akatswiri owerenga zithunzi ndi owerengeka, limeneli ndi thandizo lenileni. Koma pulogalamuyo imangoloza kuti uyu ayezedwe makhololo. Chigamulo ndi cha munthu wokhala ndi dzina ndi chiphaso, woti mungakam'dandaulire.

Makina amabwereza zimene anaphunzitsidwa. Ku America, kafukufuku wa mu 2019 wa m'magazini ya Science anapeza kuti pulogalamu yosankha odwala ofunika chisamaliro chapadera inkayang'ana ndalama zimene zinagwiritsidwa ntchito pa munthu kuchipatala. Pa anthu akuda ndalamazo zinali zochepa, poti ambiri sankafikira chithandizo, ndiye ankaoneka athanzi pamene anali odwala kwambiri. Ofufuzawo anawerengera kuti atakonza vutoli, akuda pakati pa olandira thandizolo akanakwera kuchoka pa 17.7 kufika pa 46.5 mwa 100 alionse.

Koma amene amandisowetsa tulo ndi mayi wina wa chifuwa cha miyezi itatu. Mwana wawo analemba zizindikiro pa foni kufunsa AI, yankho lake n'kuwakhazika mtima pansi. Kenako anawatengera m'kashopu kena m'tauni, kolembedwa kuti makina amakono oyeza matenda onse. Anawagwiritsa kachitsulo m'manja, pepala n'kutuluka lodzaza "matenda", iwo n'kugula mabotolo a zitsamba ndi ndalama ya feteleza. Kwa ife anafika pa kabaza, chitenje chikuvuka m'chiuno ndi kuonda. Inali TB. Anachira, koma mapapo anali atawonongeka kale, ndipo kamdzukulu kogona nawo mphasa imodzi kanali katayamba kutsokomola.

N'chifukwa chake ndimalimbikira za malamulo. Lamulo la AI la mayiko a ku Ulaya a m'bungwe la EU, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2024, limaika AI ya m'zipangizo zachipatala m'gulu la zoopsa kwambiri, zofunika kuyesedwa ndi kuyang'aniridwa ndi munthu. Ku Malawi tili ndi Data Protection Act ya 2024, yomwe woyang'anira wake ndi MACRA, yoteteza zinsinsi zanu. Ine ndikufuna tipite patali: pulogalamu iyesedwe pa odwala athu isanakhudze aliyense, wodwala auzidwe kuti kompyuta yatengapo mbali, ndipo akhale ndi ufulu wopempha kuti dokotala aonenso.

Pakadali pano, kachitsulo ka m'manja kaja sikayeza chilichonse, musatayepo ndalama. Chifuwa chikatha masabata awiri, kapena mukutuluka thukuta usiku ndi kuonda, siyani foni, pitani kuchipatala cha boma mukapereke makhololo. Kuyeza TB ndi mankhwala ake ndi ulere.